Injini ya ku Luchenza

Njinga yamoto imene inandiyendetsa ulendo umenewu ndi yakale kuposa mwana wanga woyamba, ndipo mwanayo pano ali ndi ana akeake. Inabwera ku Dwangwa ndi mzungu wina nthawi imene ankatsegula minda ya nzimbe. Si njinga yothamanga ayi. Ndi zija amapikisana nazo pokwera miyala, kuwoloka timitsinje ndi kudumpha zitsa munthu osatsitsa phazi pansi. Ndi yopepuka, thanki yake ndi yaing'ono, mpando ngati chikhatho, paipi ya utsi imadutsa m'mwamba. Mzunguyo pochoka anaigulitsa kwa malume anga, ndipo malume atamwalira inatsala kwa ine. Ndinaipeza m'khola la mbuzi, injini yake itang'ambika kunsi.

Ndinkaikonza pang'onopang'ono ndikaweruka ku munda wanga wa nzimbe. Felemu ndinaipala n'kuipenta, mawilo ndinawamanga masipoko atsopano, mpando anandisokera telala wa pamsika. Inatsala injini. Amakanika a pa Dwangwa ankandiseka.

"A Nkhoma, tingoikamo injini ya njinga za kabazazi. Tidula apa, tiwotcherera apa, mawa mukuyenda."

Ndinkakana. Injini yake yeniyeni ili ndi magiya atatu oyambirira oyandikana kwambiri, kuti munthu uziyenda ngati woyenda pansi koma mphamvu zili zonse. Imamangidwa pa felemu malo atatu, ndipo nambala yake iyenera kuyamba ndi zilembo zofanana ndi za pa felemu. Ndinadula katoni n'kuboola mabowo atatu molingana ndi felemuyo, kuti tsiku lina ndikadzapeza injini ndidzangoyeza.

Uthenga unabwera ndi mnzanga wina woyendetsa lole ya shuga. Anati ku Luchenza kuli mkulu wina, a Namakhwa, amene kale ankagula zitsulo zotha ntchito m'maesiteti a tiyi, ndipo pakhomo pawo anaonapo injini yonga imene ndinkafuna. Anandionetsa chithunzi pa foni. Chinali chosaoneka bwino, koma injiniyo inkafanana ndi yanga.

Mkazi wanga Nachisale anangondiyang'ana. "Mukuti mupite mpaka ku Luchenza kukaona chitsulo chimene mwachiona pa foni?"

"Ndikangoona n'kubwerako."

"Pitani. Koma chikakhala china, musadzabwere nacho kuno kudzatiwuza kuti n'chomwecho."

Ndinanyamuka m'mawa. Minibasi ya pa siteji ya Dwangwa inkaoneka yodzadza, ndinathokoza mwayi wanga n'kukwera. Nditangokhala, anthu atatu anatsika mmodzimmodzi. Anali aja amangokhalamo kuti okwera aziona ngati yatsala pang'ono kunyamuka. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, n'kubwereranso pomwe tinali. Dzuwa linakwera tili pomwepo. Mayi wina wogulitsa usipa anatsika, anakagula mandasi, anadya, anakasamba m'manja, n'kutipeza sitinasunthe.

Titanyamuka tinayenda bwino, kuwoloka Bua madzi ali ofiira, mpunga uli biriwiri m'madambo. Pa Nkhotakota anatigulitsa kwa minibasi ina, ati iwo akubwerera. Kumeneko kudikira kunayambiranso. Pa Salima ndinapeza basi yaikulu ya ku Blantyre, ndipo ndinakhala ndi mkulu wina wovala jekete pa kutentha konse kuja, amene anandifotokozera matenda ake a shuga kuchokera pa Chipoka mpaka pa Mtakataka. Kufupi ndi Golomoti tayala linaphulika. Tinatsika tonse n'kukhala pansi pa mlambe, kuonerera kondakitala akulimbana ndi jeke yosakwera. Anapempha amuna tikafune miyala. Ine ndinapita nawo, katoni yanga ya mabowo ili m'khwapa, chifukwa sindinkafuna kuisiya pampando. Mkulu wa jekete anandifunsa ngati inali ekisileyi ya kuchipatala. Nditamufotokozera, anaseka mpaka kutsokomola.

Ndinagona kwa msuweni wanga ku Bangwe. Mawa lake ndinakwera ya ku Luchenza pa Limbe, kudutsa Bvumbwe ndi minda ya tiyi ya ku Thyolo, kukuzizira moti ine wa kunyanja ndinkanjenjemera m'malaya a manja aafupi.

A Namakhwa anali okalamba, osamva bwino khutu limodzi. Pakhomo pawo panali milu ya zitsulo, maungu atayanga pamwamba pake. Atamva chimene ndinadzera, anandilondolera ku khonde n'kuvundukula lata. Injini ya pa chithunzi ija inali pomwepo. Ndinagwada, ndinaipukuta, ndinaika katoni yanga. Mabowo awiri analowana bwinobwino. Lachitatu linaphonya ndi chala chimodzi. Nditapala dothi pa nambala, zilembo zinali zina. Inali ya kampani yomweyo, koma ya njinga zoyenda pa tala.

"Si yomweyo?" anafunsa a Namakhwa.

"Si imeneyi, bambo."

"Mwati bwanji?"

"Ndati si imeneyi!"

Ndinakhala pansi pa khondepo, ndikuganiza za nkhope ya Nachisale. Akazi awo a Namakhwa, amene ankasenda nandolo chapafupi, anafunsa amuna awo m'Chilomwe, kenako anatembenukira kwa ine.

"Nanga ija tinatsamiritsa chitseko cha khola la nkhuku mwaiona?"

Inali itakutidwa ndi zitosi ndi nthenga, mbali ina itamira m'dothi. Nditaizula n'kuikapo katoni, mabowo onse atatu anaonetsa kuwala. Ndinapala nambala ndi msomali. Zilembo zinali zomwe zija. Nditakanikiza choponda cholizira ndi dzanja, chinatsika mofewa, ndipo m'kati munamveka kupuma. Injini inali yamoyo. Ndinaimirira, kukhalanso pansi, kuimiriranso. A Namakhwa ataona mmene ndinkachitira anakweza mtengo, ndipo ine sindinanenerere n'komwe.

Nditatsegula pothirira oilo ndinaona kuti munali modzadza, wakuda bii, wolemera ngati molasesi wa ku fakitale kwathu.

"Khuthulani ameneyo musananyamuke," anatero a Namakhwa. "M'basi sakulolani."

Bawuti yokhuthulira oilo ili kunsi. Tinayesa ndi sipanala, inakana. Tinawonjezera paipi pa sipanala, inayamba kuterera m'makona. A Namakhwa anabwera ndi tchizulo ndi hamala, ati aimenye. Ndinawagwira dzanja. Bawuti imeneyo inali yobadwa nayo injini, yosakhudzidwa, ndipo ndinkafuna ifike kwathu ili choncho. Anati ndiye tiitembenuze chadodolido, oilo atulukire pothirira. Ndinaopa kuti zinyalala za pansi zilowa m'malo osayenera. Komanso nthawi inali itapita.

"Ndikakhuthulira kunyumba," ndinatero. "Ndiziyenda nayo chilili."

Ndinatseka timabowo ndi tisanza, kuikulunga m'thumba la feteleza, n'kumanga ndi malamba a chubu.

Pa Limbe kondakitala anakweza thumbalo, anamva kulemera, anandiyang'ana.

"Madala, ndi injini iyi? Muli oilo?"

"Mulibe. Ndakhuthula."

Mawuwo anatuluka mosavuta. Anaiimika pakona m'buti, ndipo ulendo wonse, pa Lunzu, pa Zalewa pomwe tinatsika kuti apolisi aone katundu, pa mphambano ya Balaka, ndinkangoganiza za m'butimo. Titafika pa Salima ndinathamangira kukaona. Thumba linali louma, osadontha ngakhale pang'ono. Ndinadziwuza kuti ndinkada nkhawa pachabe. Ndinagona pa resitihausi ina pafupi ndi depoti.

Mawa lake kondakitala wa minibasi ya ku Dwangwa anali wamtali, wa kapu yofiira. Anafuna aiponye kumbuyo pamodzi ndi matumba a chimanga. Ndinakana. Tinagwirizana kuti ndilipire munthu ndi theka, ndikhale mpando wakumbuyo, injini iime pakati pa miyendo yanga.

"Koma sichidontha chimenechi?"

"Ndinakhuthula ku Luchenza."

Pafupi nane, cha ku windo, panakhala mayi wa zaka ngati makumi anayi, wovala hijabu yakuda. Pamiyendo pake anali ndi chikwama cha nsalu, atachigwira ndi manja awiri. Sankayankhula. Ine ndiye ndinali ndi mawu. Ndinamufotokozera bambo wa mpando wa kutsogolo za njinga yanga, kumuonetsa zithunzi, kumuwuza za khola la nkhuku, za amakanika a pa Dwangwa amene adzachite manyazi. Ndinkayankhula mokweza, ndikufuna minibasi yonse imve.

Tinachedwa kunyamuka monga mwa nthawi zonse. Foni ya mayi uja inkangolira.

"Sitinanyamuke, malume... Ee, ndatenga... Ayi, musagule, ndili nayo pano. Ndifika isanakwane swala ya asiri, ya madzulo ija."

Apo ndinazindikira kuti akupita kumaliro, ndipo ndinatsitsa mawu. Ndinati pepani. Anati zikomo, bambo awo anamwalira m'bandakucha ku Nkhotakota, aikidwa madzulo omwewo. Mayiyo dzina lake linali Asiyatu, ankagulitsa zitenje mumsika wa Salima. Zinathera pomwepo.

Pa Khombedza tinaima kukweza njinga yakapalasa. Pa Benga tinaima nthawi yaitali, dalaivala akukangana ndi munthu wa mafuta a m'zigubu. Pamenepo panakwera mtsikana wa ana amapasa, wina kumbuyo wina m'manja, ndi beseni la tomato. Malo kunalibe. Kondakitala anatenga mwana mmodzi n'kumudutsitsa pamwamba pa mitu ya anthu.

"Masiteni akumbuyo, tagwirani mwanayu."

Mayi Asiyatu anayang'ana mwana, anayang'ana chikwama chawo. Mwanayo ankalira, ali m'malere. Anatembenukira kwa ine.

"Bambo, katundu wanuyu sadontha? Ndimafuna nditsitse chikwamachi pang'ono."

Ndikanatha kunena kuti bweretsani ndikunyamulireni. Pamiyendo panga panalibe kanthu. Koma kondakitala anali pomwepo akumva, bambo wa kutsogolo uja akumva, ndipo onsewa ndinali nditawawuza kale.

"Musadandaule, mayi. Mulibe kanthu m'menemu."

Anaika chikwama pansi, pakati pa mapazi awo ndi thumba langa, n'kulandira mwana.

Kupitirira Benga msewu ankaukonza, ndipo magalimoto ankapatukira ku njira yafumbi yotsikira kumtsinje. Minibasi inatsika, inapendekeka, tonse tinakhuthukira mbali imodzi, amayi akukuwa. Injini inapulumuka m'mawondo mwanga n'kugona. Sindinathe kuidzutsa msanga, chifukwa munthu wa kumanzere anali atandigwera, ndipo njirayo inali yaitali, yamabampu okhaokha. Titabwerera pa tala ndinaiimika. M'dzanja langa munali mwakuda. Ndinamva fungo lija la oilo wakale. Nditasuntha nsapato, pansi panali poterera.

Ndinabisa dzanja pansi pa ntchafu. Ndinayang'ana kutsogolo n'kumapemphera kuti oiloyo wayenderera kwina. Mayi Asiyatu ankagwedeza mwana wa eni, maso ali pa windo.

Pa Chia minibasi zimaima kuti anthu agule nsomba. Mtsikana wa amapasa ankatsikira pomwepo. Mwana anadutsanso pamwamba pa mitu, ndipo mayi Asiyatu anawerama n'kukweza chikwama chawo. Kunsi kwake kunali kukudontha.

Sanakuwe. Anati, "Ndidutse." Anthu anawapatsa njira. Anatsika, anayala chitenje pa udzu, n'kutsegula chikwama. Ife tinatsika pambuyo. Munali nsalu zoyera zitatu, zopindidwa bwino. Anatambasula yoyamba. Oilo anali atalowa pa mpindo uliwonse, moti banga lomwelo linabwerezeka pansalu yonse, lakuda pakati, lachikasu m'mbali. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu, imene inali pamwamba, inada m'mphepete mokha.

Mkulu wina wa kofia amene tinali naye anavula magalasi. "Inna lillahi. Imeneyitu ndi sanda, nsalu yokulungira maliro."

Ogulitsa nsomba anasiya kuitanira malonda. Mayi Asiyatu anayankhula osayang'ana munthu. Anati bambo awo anapita ku Makka kamodzi pa moyo wawo, atagulitsa bwato ndi makoka. Nsaluzo anagula komweko, anazinyika m'madzi a chitsime cha Zamzamu, n'kuziyanika. Chaka chimene madzi analowa m'nyumba zawo kunyanja, anazipereka kwa mwana wawoyo kuti akasunge ku Salima pouma. Nthawi iliyonse akakumana ankafunsa ngati njenjete sizinalowemo.

Kondakitala anandilozera chala kumaso.

"Madala inu! Sindinakufunseni? Anthu inu, sindinawafunse awa pa Salima?"

"Munawafunsa," anatero bambo wa kutsogolo uja, amene ndinkamuonetsa zithunzi.

"Tsikani pompano ndi chitsulo chanucho!" anakuwa kondakitala.

Ena anati achiponye m'madzi a Chia. Mayi wina wa nsomba anathamanga n'kubwera ndi sopo ndi madzi, anayesa kupukuta pakona, banga linangofalikira. Wina anati parafini, wina anati phulusa. Mayi Asiyatu anawaletsa ndi dzanja. Anapinda nsalu zija mmene zinalili, yoyera kwambiriyo payokha, n'kuzikulunga m'chitenje. Kenako anandiyang'ana koyamba.

"Ndinakufunsanitu, bambo."

Ndinati pepani. Liwulo linali laling'ono moti ine mwini sindinalimve.

"Asiyeni akwere," mayiwo anawuza kondakitala. "Mukamakangana ndichedwa."

Anandikweza, koma anati injini ndiinyamule pamiyendo. Ndinakhala nayo choncho, ikundidinda ntchafu, oilo wotsala akulowa m'thalauza. M'minibasi munali zii. Wayilesi nayo dalaivala anaizimitsa. Ndinkaona makosi a anthu okhaokha, ndipo ndinkadziwa chimene khosi lililonse linkaganiza.

Tisanafike pa boma la Nkhotakota mayi Asiyatu anagogoda denga. Anatsika pa kanjira kolowera kunyanja. Nanenso ndinatsika, ngakhale ndinali nditalipira mpaka ku Dwangwa. Kondakitala anangomenyetsa chitseko.

Panali kagolosale pamsewu. Ndinapempha mwini wake andisungire thumba langa, ndipo ndinadzipeza ndikumuwuza kuti aliimike chilili, lisagwe. Mayi Asiyatu anamva. Anangoyamba kuyenda. Ndinawatsatira m'mbuyo, kudutsa minda ya chinangwa, mchenga ukulowa m'nsapato. Patapita kanthawi anaima pansi pa mtengo wa mango.

"Mukufuna chiyani?"

"Ndikufuna ndikapepese kwa akuluakulu. Ndikawawuze kuti ndine. Ndigula ina, mayi, ya mtengo uliwonse."

"Mukaigula kuti? Ku Makka?"

Mayiwo anapitiriza:

"Tamverani, bambo. Uko kuli anthu akulira m'bale wawo. Kuli amayi anga. Mukufuna asiye kulira ayambe kuweruza mlandu wanu? Kapena mukufuna akukhululukireni kuti mupite kwanu mtima uli m'malo? Lero alibe mpata umenewo."

"Ndiye ndibwerere?"

"Zili kwa inu. Mukabwera, mubwere ngati munthu wodzapepesa maliro. Pakamwa mutseke."

Anapitiriza kuyenda. Ndinaima pang'ono. Kubwerera kunali kuthawa, kupitirira sindinkadziwa kuti ndikukatani. Ndinawatsatira.

Panyumbapo panali anthu ambiri, amuna pa mikeka pansi pa mtengo, amayi kuseri. Mkulu wina wochepa thupi, wa ndevu zoyera, anatuluka kudzatichingamira. Anali a Bwanali, malume awo a mayi Asiyatu, aja ankaimba foni. Awiriwo anapita pambali. Ndinaona chitenje chikutsegulidwa, ndinaona a Bwanali akugwira pakamwa. Anaitana ashehe ndi amuna ena awiri. Anayankhulana motsitsa, akutembenuza nsalu. Ndinamva mmodzi akufunsa kuti zachitika bwanji.

"Zachitikira m'minibasi," anatero mayi Asiyatu. "Munali katundu wa oilo."

Sanawonjezere. Kuseri kunamveka kulira kwatsopano, kwa munthu mmodzi, kokweza kuposa kwa ena onse. Ndinadziwa kuti uthenga wafika kwa amayi awo.

Anagwirizana kuti nsalu yachitatu aidule m'mphepete modetsedwamo, ikhale yokhudza thupi. Ziwiri zinazo munthu anapalasa njinga kukagula ku sitolo pa boma, nsalu wamba yoyera. Ndinalowetsa dzanja m'thumba, koma mayi Asiyatu anandiyang'ana ali chapatali, ndipo ndinalitulutsa lopanda kanthu.

Kenako a Bwanali anabwera pomwe ndinakhala, kumapeto kwa mkeka. Anandipatsa moni ndi manja awiri. Anaona thalauza langa, anaona zikhatho zanga.

"Mwachokera kuti, bambo?"

"Ku Dwangwa. Ndine Nkhoma. Tinali m'minibasi imodzi."

"Ndiye mwatsika panjira kuti mumuperekeze mwana wathu? Taonani, mwadetsa ndi zovala zanu zomwe pomuthandiza." Anatembenukira kwa amuna a pa mkeka. "Awa ndi mlendo wa ku Dwangwa, sitiwadziwa, satidziwa. Aona mwana wathu ali m'mavuto, asiya ulendo wawo."

Amuna aja anang'ung'udza movomereza. Ena anadzuka kudzandigwira dzanja, lomwelo lakuda. Ndinatsegula pakamwa. Pa khomo la khitchini panali mayi Asiyatu, ataima ndi ndowa, akundiyang'ana. Ndinatseka.

A Bwanali analowa m'nyumba n'kutuluka ndi ketulo ya madzi ndi kachidutswa ka sopo. Ndinati ndidzithirira ndekha, anakana. Munthu wamkulu, mlamu wake ali chigonere m'nyumba, anawerama n'kumandithirira madzi pang'onopang'ono, ine ndikupukusa manja.

"Sambani bwino, mwana wanga. Oilo ndi wovuta. Mulungu akuwonjezereni pomwe mwachotsa."

Madzi akuda ankagwera mumchenga pakati pa mapazi athu. Ndinasamba mpaka ketulo inatha, osakweza mutu.

Itatha swala ananyamula jeneza, chonyamulira maliro. Amuna ankalandizana pamapewa, akuyenda mofulumira, ndipo ine ndinatsatira kumapeto kwenikweni mpaka pa mpanda wa manda. Sindinalowe. Pobwerera sindinadzerenso kunyumba kuja. Ndinadutsa m'minda kukatulukira pa golosale, ndinatenga thumba langa, ndipo lole ina yonyamula simenti inanditenga pamwamba mpaka ku Dwangwa.

Injini inali yakedi ya njinga ija. Inalowa pa felemu popanda kudula kapena kuwotcherera kalikonse, ndipo nditaitsuka n'kusintha pulagi inalira. Njingayo ikuyenda. Loweruka ndikapita nayo pamsika anthu amaizungulira, amakanika aja amagwada kuisuzumira kunsi, ndipo nthawi zonse pamapezeka wina wofunsa kuti injini yotereyi ndinaipeza bwanji. Ndimawawuza za tayala la pa Golomoti, za a Namakhwa ndi khutu lawo, za khola la nkhuku. Amaseka. Ndikafika pa Salima ndimati kuchokera apo ndinayenda bwino.